Chidole Chosavula Mpango

1

Ndinaziwerenga kawiri zidole zija tisanachoke pakhomo, zinali makumi atatu ndi chimodzi. Titafika m'holo ya hotela n'kutsegula makatoni, zinapezeka makumi atatu ndi ziwiri.

Dzina langa ndi Nawfal. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, ndimakhala ndi amayi anga kuno ku Casablanca, ndipo zikanayenda bwino bwenzi pano ndikuzula anthu mano. Sukulu ya udokotala wa mano ndinaisiya m'chaka chachitatu, mlongo wanga Btissam atayamba kudwala khansa. Ndinkati ndibwererako akachira. Sanachire. Chimene ndaphunzira chisiyireni sukulu ndi kusuta fodya pawindo la chipinda changa.

Btissam ankasonkhanitsa zidole. Osati zoseweretsa ana ayi, koma zija zowonda miyendo zimene anthu akuluakulu amazisokera zovala n'kuzitsekera m'magalasi. Iye ankazisokera makafutani, mikanjo yaukwati ya kwathu kuno, mabatani ake ang'onoang'ono ngati mpunga. Ine ntchito yanga inali mitu. Tsitsi la kufakitale likakhala lonyansa, ndinkalizula n'kudzala lina ndi singano, kabowo ndi kabowo. "Manja ndi a dokotala ndithu," ankatero, "koma m'mutumu Mulungu anasiyamo malo ambiri."

Gulu lawo la osonkhanitsa zidole limachita msonkhano chaka ndi chaka. Chaka chimenechi anakonza tebulo lokumbukira Btissam. Amayi, amene kwa miyezi khumi ndi inayi ankangodziwa njira ya kumanda, anavala jelaba, mkanjo wawo wabwino, n'kunena kuti tikupita.

Chidole chowonjezeracho chinali pansi pa katoni yachiwiri. Kafutani wobiriwira, mpango woyera kumutu, wosokereredwa mpaka m'khosi. Anausokerera ndine.

"Amayi, ichi mwachitenga kuti?"

"Pamwamba pa kabati yako, m'bokosi la nsapato. Chovala chomaliza chimene mlongo wako anasoka, iwe n'kuchibisa kuseri kwa masokosi onunkha?"

"Sichinathe kukonzedwa."

"Wosatha kukonzedwa ndiwe. Ndachilembetsa kale mpikisano."

Ndisanayankhe, anatulukira Lalla Zhor, wapampando wa gululo, mayi wamkulu thupi wovala magolovesi oyera. Anapsompsona amayi masaya onse awiri, analira pang'ono, kenaka n'kundilanda chidole m'manja.

"Ndi chimenechi? Aa, Btissam, Mulungu amuchitire chifundo, taonani msoko!" Anachimata nambala 17, anachiimika m'kabati yagalasi pakati pa holo, n'kukhoma. Kiyi anamukoleka m'khosi.

2

Kuti mumvetse chimene ndinkaopa, ndikubwezeni m'mbuyo.

Btissam anayamba kuvala mpango ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, popanda womukakamiza. Tsitsi lake linkafika m'chiuno. Ankalipaka utoto wa hina ndi kulitsuka ndi madzi a maluwa a rozi, moti akadutsa pakhonde umadziwa osatembenuka. Amuna amene analionapo chikulireni chake anali atatu okha: malemu bambo athu, ine, ndi mwamuna wake Driss.

Madokotala atamuuza kuti mankhwala amuthothola tsitsi, sanadikire. Anaitana Kawtar, mlongo wake wa Driss, mnzake wa ponda apa m'pondepo pa nkhani za zidole. Kawtar analiluka, analidula, analikulunga m'kansalu n'kuliika m'dirowa yapansi m'chipinda chimene Btissam ankadwaliramo kwathu.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri Btissam anatisiya. Akazi akusambitsa thupi, amayi anati atenge tsitsi lija mwana wawo apite nalo. M'dirowa munali kansalu kokha.

Ine ndinali ndi amuna. Pobwerako kumanda ndinamva mawu a amayi ndidakali pamasitepe.

"Unalidula ndiwe, unalisunga ndiwe! Unalipititsa kwa sing'anga uti? N'chifukwa chake mankhwala ankangomupita padera mwana wanga!"

Kwathu kuno palibe amene sadziwa chimene tsitsi la munthu limachita likagwera m'manja olakwika. Pabalaza panali podzaza akazi. Kawtar anali ataima pakati pawo ndi thireyi ya matambula a tiyi. Driss ananyamula mwana wake Rihab, wa zaka zisanu, amene anali atagona pamiyendo ya wina.

"Nyumba imene mlongo wanga ndi mfiti, mwana wanga sadzapondamonso," anatero.

Ndipo sanapondemo. Pakati pa akazi aja panalinso mayi wa mnyamata amene anafunsira Kawtar. Patatha masabata atatu, a kuchimuna anatumiza mawu akuti ayamba aganiza kaye. Akuganizabe mpaka lero.

Ine ndinali chiimire pakhomo, dothi la kumanda lidakali kunsapato. Sindinanene kanthu.

3

Holo inadzaza msanga. Matebulo anali mizeremizere: zidole zosatulutsidwapo m'mabokosi ake zaka makumi anayi, tinsapato togulitsa m'timatumba, mitu yopanda matupi itandandalikidwa ngati malalanje. Anthu ankafika patebulo lathu, kugwira amayi dzanja, kujambula, n'kupita. Ine maso anali pakabati yagalasi.

Amayi nawo maso sanali patebulo. Anali pakhomo. Ndinazindikira pamenepo kuti sanabwerere zidole.

Cha m'ma leveni analowa Kawtar, atagwira dzanja kamtsikana kovala diresi lachikasu. Rihab anali atatalika, mano akutsogolo atagweruka. Amayi anandifinya mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Kawtar sanatizembe. Anabwera molunjika.

"Mtendere ukhale nanu, Lalla Rkia."

Amayi anayang'ana kumbali, koma dzanja lawo linali kale m'chikwama, likutulutsa kapepala ka maswiti a chitowe.

"Rihab, mwana wa mwana wanga, bwera kwa agogo."

Rihab anabisala kuseri kwa azakhali ake. "Ndani amenewa?" ananong'ona, koma tonse tinamva.

"Ndi agogo ako. Apatse moni uli pompo. Bambo ako anati moni basi." Kenaka Kawtar anatembenukira kwa ine. "Dokotala. Waonda. Ndipo ukununkha ngati malo odikirira basi."

"Nawenso uli bwino, Kawtar."

"Ndili bwino kwambiri. Mfiti sizidwala." Anaseka ndi pakamwa pokha. Pachifuwa pake panali kachikwangwani kolembedwa kuti Woweruza.

Atachoka, amayi anabweza maswiti m'chikwama pang'onopang'ono.

"Wamva? Mdzukulu wanga akufunsa kuti ndine ndani. Mkazi uja wandilanda awiri."

4

Lalla Zhor ndinawapeza akukalipira wina amene anagwira chidole ndi manja a mafuta.

"Lalla Zhor, nambala 17 ija ndikufuna ndiichotse. Amayi analembetsa molakwitsa."

"Mwana wanga, chidole chikalowa m'galasi ndi cha oweruza mpaka folo koloko. Ngakhale mwamuna wanga atauka kumanda kudzapempha, ndimuuza adikire folo."

"Ndiye mungochiona kunja kokha. Kafutaniyo ndi amene akupikisana."

"Kunja kokha? Kuno timatembenuza chilichonse. Msoko wamkati, utoto wa nkhope, tsitsi. Chaka chatha wina wa ku Rabat anabisa dazi pansi pa chisoti, ankayesa ndife ana."

"Mpangowo ndi wosokerera."

Anasisita kathumba ka m'chiuno. "Kasizasi ndili nako. Usaope, ndili ndi dzanja lopepuka. Pita ukadye, nkhope yako ikuopseza makasitomala."

Ndinatuluka panja. Ndinasuta ndudu zitatu motsatizana, ndikuyang'ana matakisi ofiira akudutsa. Kukwera imodzi kunali kosavuta. Koma amayi satsika masitepe popanda mkono wanga, ndipo kuthawa kwanga sikukanaletsa kasizasi. Ndinaganiza zoswa galasi. Ndinaganiza zodzigwetsa pansi ngati wakomoka. Munthu amene anaphunzira zaka zitatu kuyunivesite, nzeru zake zonse zinathera pamenepo.

Nditabwerera, ndinapeza amayi asuntha mpando kuti azimuona bwino Rihab. Mwanayo anali patebulo la ana mbali ina ya holo, akupesa chidole chobwereka. Pakati pa iye ndi agogo ake panali mayadi makumi awiri okha ndi pakamwa panga.

5

Kuweruza kunayamba thu koloko. Anthu anazungulira tebulo la oweruza, mafoni m'mwamba. Amuna analipo ambiri kuposa mmene mungaganizire: osonkhanitsa, ogulitsa, amuna operekeza akazi awo, ndi mnyamata wina amene ankaulutsa zonse pa intaneti. Lalla Zhor ankatulutsa chidole chimodzichimodzi, kuchitembenuza, kuchikweza diresi, Kawtar n'kumalemba.

Nambala 14. Nambala 15.

"Nambala 17," analengeza Lalla Zhor. "Ntchito yomaliza ya mnzathu Btissam." Anthu anang'ung'udza mapemphero. Amayi anaimirira, atatsamira paphewa panga.

Lalla Zhor anatembenuza mpendero wa kafutani, anapukusa mutu mogoma. Kenaka anatulutsa kasizasi.

"Tsopano tione chimene dokotala wathu watibisira."

Ulusi woyamba unaduka pansi pa chibwano. Wachiwiri pafupi ndi khutu lakumanzere. Mpango unasefukira pang'ono, ndipo kamtolo ka tsitsi kanagwera paphewa la chidole. Lakuda, lofiirira ndi hina kunsonga, pakati pake kamzere koyera.

Btissam anabadwa ndi kachigamba ka imvi kuseri kwa khutu lakumanzere. Ine, chitsiru cha manja abwino, ndinazidzala imvizo pamalo ake enieni.

Cholembera cha Kawtar chinaima. Iye ndi amene ankapita ndi Btissam kubafa la akazi Lachinayi lililonse. Iye ndi amene analiluka tsiku lomaliza. Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti wadziwa zonse. Amayi anali kumbuyo kwa mitu ya anthu, sanaone kanthu.

Ndinadikira kuti akuwe. Mboni zinalipo mazana awiri ndi mafoni awo. Akanangokweza chidolecho m'mwamba n'kuvula mpango wonse, dzina lake likanayera mzinda wonse dzuwa lisanalowe.

Kawtar anaika chikhatho chake pamutu pa chidole.

"Lalla Zhor, imani. Muno muli amuna."

Anthu anaseka. "Amuna?" anatero Lalla Zhor. "Mwana iwe, n'chidoletu ichi. Zinzake zonse ndazikweza madiresi pompano."

"Ichi sichivula. Tsitsani mafoniwo. Iwe wa jekete, ndati tsitsa!" Anatulutsa kansalu m'thumba, anakulunga mutu wa chidole, n'kuchikumbatira pachifuwa. "Nambala 17 yatuluka mumpikisano. Lembani kuti ndalakwitsa ndine."

Podutsa pafupi nane sanaime. "Tenga amayi ako. Unditsate."

6

Anatilowetsa m'kachipinda kosungiramo mipando, n'kutseka chitseko. Anaika chidole patebulo, anachotsa kansalu, anamasula mpango wonse. Tsitsi linatsika mpaka kumapazi a chidole.

Amayi anayamba aliyang'ana. Kenaka anatambasula chala, anakhudza kamzere koyera kaja. Ndinawakhazika pampando.

"Unalibisa kuti nthawi yonseyi?" Amayi ankamufunsa Kawtar, osati ine. Ngakhale pamenepo, ankafunsa Kawtar.

"Chidolechi mwachipeza m'kabati ya ndani, Lalla Rkia?"

M'kachipindamo munalibe windo. Munalibe koyang'ana.

"Ndinalitenga ndine, amayi," ndinatero. "Anandipatsa yekha Btissam."

Ndinawauza. Unali mwezi wake wachisanu akudwala, masana ena amayi atapita kumsika. Btissam anandituma kudirowa. Anati ndidzale tsitsilo pachidole chimene ankachisokera kafutani wobiriwira, ndipo amayi ndisawauze, angayambe kulira kuti akudzitengera imfa. Ndinagwira ntchitoyo masabata atatu, chitseko chokhoma. Nditamuonetsa, anaseka mpaka kutsokomola. Anati chidole chamulanda ukongola.

"Ndiye unaopa chiyani?" anafunsa Kawtar. "Tsiku lija unali pakhomo, ndinakuona. Ukanangoti tsitsi lili kwa ine, anandipatsa mwini wake. Mawu angati amenewo? Unaopa kukalipiridwa?"

Ndikanavomera. Mantha ndi tchimo laling'ono, anthu amakhululuka. Koma si chimene chinachitika.

"Sanandipatse kuti chikhale changa. Anati ndimupatse Rihab."

Ndinapitiriza.

"Anati, ndikapita umupatse mwana wanga, azidziwa kuti amayi ake anali ndi tsitsi, asamangokumbuka mutu wa dazi. Anatinso usachedwe, Nawfal, fungo limatha." Mawu ankatuluka okha tsopano. "Tsiku la maliro ndikananena, mukanachitenga. Amayi akanati likwiriridwe, inu mukanati n'cha mwana. Ndinati ndisunge sabata imodzi yokha. Kenaka ndinati masiku makumi anayi a maliro akwane. M'mawa uliwonse ndinkamasula mpango, kununkhiza, n'kusokereranso. Kwa kamphindi ankakhala ngati wangodutsa pakhonde. Tsiku lililonse limene ndinachedwa, kunena kunkakulirakulira, mpaka sindikanathanso."

Kawtar anakhala pampando moyang'anana nane. Sanalire.

"Miyezi khumi ndi inayi," anatero. "Kubafa akazi amatola tsitsi lawo pansi ndikalowa. Ukudziwa zimenezo? Amalikulunga m'manja n'kumandimwetulira. Iwe uli m'chipinda mwako ukununkhiza."

Amayi anadzuka okha, osagwira mkono wanga. Anapita kwa Kawtar, anagwira mutu wake ndi manja awiri n'kuupsompsona pamwamba, monga mwana amachitira kwa kholo. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Mwana wanga, ndinakudya wamoyo. Ndikauza aliyense amene anamva, khomo ndi khomo."

"Mukawauze, Lalla Rkia. Ena akhulupirira." Anawabweza pampando mofatsa. "Koma kwa a chibwenzi aja musapiteko. Anthu othawa ndi mphekesera imodzi, Mulungu wandipulumutsa nawo."

Amayi sanandimenye. Sanandiyang'ane n'komwe.

7

Kawtar anatuluka, anabwera ndi Rihab.

"Umupatse wekha," anandiuza. "Wakutuma ndi mlongo wako, osati ine."

Ndinagwada. Ndinamutambasulira chidole.

"Rihab, ine ndine amalume ako a Nawfal. Ichi anakusiyira amayi ako. Kafutaniyu anasoka okha. Tsitsili ndi lawo lenileni."

Anachilandira mosamala. Anapesa tsitsi ndi zala, anapeza kamzere koyera.

"Anali okalamba?"

"Ayi. Anabadwa nazo."

"Azakhali amati ankanunkhira maluwa."

Tisanamuletse, anakweza chidole n'kuviika mphuno m'tsitsi. Anakoka mpweya wautali, maso atatseka.

Anatsegula maso, anakwinya kamphuno.

"Akununkha fodya."

Patha miyezi isanu tsopano. Amayi anayendadi khomo ndi khomo, ndi miyendo yawo yotupayo. Driss anamva, ndipo patatha sabata yathunthu analola. Rihab amabwera Lachisanu lililonse kudzadya kusikusi, chidole chake kukhwapa, ndipo amachiveka mpango yekha akamakwera takisi. Kawtar amamufikitsa pakhomo koma salowa. Amayi amandiyankhula za buledi ndi za gasi basi. Fodya ndinasiya, ngakhale palibe amene zamuthandiza.

Tsiku lina ndinagula kabotolo ka madzi a rozi, ndikuti ndiwaze pang'ono patsitsi lija mwana asakuona. Kawtar anandipeza nako pamasitepe.

"Usamunamizenso," anatero. Kabotoloko kadakali m'thumba la jekete.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuti ndine chilombo, mwina mukuti ndinali mwana wolira chabe. Ndayesa mayina onse awiriwo, onse amandikwana. Ndinkaganiza kuti m'nyumba yonse wolira kwambiri ndine, ndiye chotsala chilichonse cha Btissam n'changa. Sindinaganize kuti kamtsikana kosalira pamaliro, kamene kanangogona pamiyendo ya anthu, ndi kamene kanataya zambiri. Ngati womwalira anakusungitsani kanthu ka wina, kaya ndi mphete, kalata kapena mawu chabe, nyamukani lero mukapereke. Musati mudikire mtima uyambe wapola. Mlongo wanga anandichenjeza ndi pakamwa pake kuti fungo limatha. Silinathe lokha. Ndinalimaliza ndine, m'mawa umodziumodzi, mwini wake akudikira.